Anthu a mafoni ndi zinyalala: kodi kumtaya kungatuluke mafuta?

Bambo a Tadala, Area 25:
Akuluakulu nonse pagulu pano, pali nkhani ikundizunguza mutu, tithandizane kuiunika. Ndaona kuti amalonda ena amene anayambira pa mafoni akumathera ku zinyalala. Tengani Samuel Alemayehu wa ku Ethiopia. Anaphunzira uinjiniya ku Stanford ku America, anayamba ndi kampani ya ntchito za pa foni za m'manja yotchedwa 4Afri, kenako anakhala mmodzi wa atsogoleri a Cambridge Industries, imene inamanga fakitale ya Reppie ku Addis Ababa mogwirizana ndi kampani ya ku China. Anaitsegulira mu Ogasiti 2018 pamtaya wa Koshe, pomwe paja mu Malichi 2017 mulu wa zinyalala unagumuka n'kukwirira nyumba, anthu oposa 100 n'kufa. Anaimanga kuti izitentha matani 1,400 a zinyalala pa tsiku n'kumapereka magetsi mumzinda. Winanso ndi Strive Masiyiwa wa Econet, kampani ya mafoni ya ku Zimbabwe, amene makampani ake mu 2019 anayambitsa Clean City yotolera zinyalala mu Harare. Ndiye funso langa n'lakuti, kuno kwathu ku Lilongwe chikutikanika n'chiyani? Mafuta timagonera pamzere, makala akumaliza Dzalanyama, pomwe zinyalala zili mbwee kuyambira ku Nsungwi mpaka kumtaya ku Area 38. Palibe munthu wa ndalama za mafoni amene angatisandutsire zimenezi mafuta?

Wakabaza wa ku Mchesi:
Bwana, mwalasa. Ine njinga yanga imadya petulo, ndipo akasowa ndimagula wa m'zigubu pamtengo woboola m'thumba. Pa Facebook ndimaona anyamata a maiko ena akuthira mapulasitiki mudiramu, kusonkha moto pansi, mafuta n'kumadontha kupaipi. Majumbo adzaza ngalande zonse za kuno ku Mchesi ndi ku Biwi. Ife tikudikira chiyani?

Madala a ku Area 18:
Ana anga, ndiloleni ndiyambire kumbuyo, poti ine ndinagwira ntchito za matelefoni nthawi ya mawaya ndi mapolo. Masiku amenewo munthu unkalembetsa foni ya m'nyumba n'kudikira zaka. Masiyiwa mukumutchulayu anali injiniya wa zamagetsi, anagwirapo ntchito kubungwe la boma la mtokoma ndi matelefoni ku Zimbabwe, kenako anatsegula kampani yake ya Retrofit. Atafuna kuyambitsa mafoni a m'manja mu 1993 boma linamukaniza, ati ntchito imeneyi ndi ya bungwe la boma lokha. Anakamang'ala kukhoti. Mu 1995 khoti lalikulu linagamula kuti kukhala ndi kampani imodzi yokha ya matelefoni kunkaphwanya ufulu wa anthu wolankhula, komabe anamuzungulitsa mpaka Econet inadzayamba kugwira ntchito mu 1998. Zaka zisanu munthu akulimbana ndi boma la Mugabe. Chaka chomwecho anayambitsanso Mascom ku Botswana.

Kunoko TNM inayamba mu 1995 mothandizana ndi kampani ya ku Malaysia. Celtel inabwera mu 1999. Mwini wake anali Mo Ibrahim wa ku Sudan, yemwe mu 2005 anaigulitsa kwa a ku Kuwait pamtengo wa madola 3.4 biliyoni. Ndi ija inadzatchedwa Zain, mu 2010 n'kukhala Airtel. Chimene ndikufuna muone n'chakuti nkhondo yaikulu ya anthu amenewa inali chiphaso. Ukapeza chiphaso n'kuimika nsanja, makasitomala ankabwera okha akuthamanga, chifukwa ludzu loyankhulana linalipo kalekale.

NaPhiri wa ku Kawale:
Zikomo madala, mwatikumbutsa. Ine ndine ajenti wa Mpamba ndi Airtel Money, ndinayambira kugulitsa mayunitsi okala aja. Ndikuuzeni chinsinsi cha geni ya mafoni monga ndimaionera pabenchi panga: munthu amalipira asanayankhule. Palibe ngongole, palibe kuthamangitsana kumapeto kwa mwezi. Mayi wogulitsa mandasi amabwera ndi kandalama kake kochepa, kampani yalandira kale. Yunitsi siola, sinunkha, sifuna lole yoinyamula. Tsono a Bambo a Tadala, pa zinyalala alipire ndani, ndipo alipire liti? Ine ndili ndi nyumba za lendi pamzere. Alendi anga bandulo saphonya, koma ukati tisonkhe ya wotola zinyalala aliyense amayang'ana kumbali.

Bambo a Tadala, Area 25:
Achemwali, amene alipire ndi wogula mafutawo. Kampani itole zinyalala ulere, ipange dizilo kapena magetsi, igulitse. Phindu lichokere kumeneko.

Injiniya wa ku Kanengo:
Achimwene, apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo pepani ndikutsutsani. Choyamba tisasakanize zinthu. Reppie sipanga mafuta. Imatentha zinyalala, moto umawiritsa madzi, nthunzi imazunguza makina, magetsi n'kutuluka. Ndipo amene anamangitsa fakitaleyo ndi kampani ya boma ya magetsi, Ethiopian Electric Power. Alemayehu ndi anzake anali okonza mapulani ndi omanga, ndalama zinachokera kuboma. Sikuti munthu anatapa m'thumba mwake ndalama za mafoni n'kumanga.

Amene anayesadi kusandutsa zinyalala za mumzinda kukhala mafuta amadzi akhala akugwa, ngakhale kumaiko olemera. Ku America kunali Fulcrum BioEnergy, imene inamanga fakitale pafupi ndi Reno ku Nevada kuti izipanga mafuta a ndege. United Airlines inaikamo madola 30 miliyoni mu 2015. Mu 2024 fakitale inatsekedwa, kampani n'kulengeza kuti yagwa ndi ngongole. Ku Edmonton ku Canada kunali fakitale ya Enerkem yopanga mafuta otchedwa methanol ndi ethanol, nayonso inatsekedwa mu 2024 isanafikepo pamlingo umene ankayembekezera. Anthu amenewa ndalama anali nazo, akatswiri anali nawo. Chimavuta ndi chinyalalacho. Makina amafuna chakudya chofanana tsiku ndi tsiku, pomwe zinyalala za mumzinda lero muli mabatire, mawa nsapato, mkuja matewera.

Ndipo kumaiko kumene mafakitale otentha zinyalala akuyenda bwino, gawo lalikulu la ndalama zawo limachokera pageti. Khonsolo imalipira pa tani iliyonse imene yabweretsa. Magetsi okha sabweza ndalama.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Zapageti zimenezi ndi zija zinautsa mapiri pachigwa ku Harare. Mu 2022 kunasainidwa mgwirizano wa zaka 30 wopereka mtaya wa Pomona kukampani ya Geogenix, khonsolo izilipira madola 40 pa tani iliyonse. Makhansala ndi anthu okhala mumzinda anakana kwambiri, ati ndalama zimenezo zichokera kuti. Ndiye tikamati kubwere munthu wandalama, tidziwe kuti bilu yake idzafika pakhomo pathu kudzera m'misonkho ya mzinda.

Wakabaza wa ku Mchesi:
A injiniya, nanga za diramu zija? Ndi zabodza?

Injiniya wa ku Kanengo:
Si zabodza achimwene, mafuta amatulukadi. Njirayo imatchedwa pyrolysis. Umatenthetsa pulasitiki m'chotengera chotsekeka bwino, mopanda mpweya, kufika madigiri 400 kapena 500. Pulasitiki imasungunuka n'kusanduka nthunzi, nthunziyo ikadutsa m'paipi yozizira imasanduka mafuta akuda. Majumbo, zigubu, mabeseni ndi ndowa zothyoka zimatulutsa bwino. Koma mabotolo a madzi ndi a zakumwa aja satulutsa mafuta ambiri, m'malo mwake amatseka mapaipi. Mapaipi a PVC ndiye oopsa, amatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo ndi mapapo a munthu. Ndiye pamafunika munthu wosankha pulasitiki imodziimodzi, kuitsuka, kuiyanika.

Chotuluka mudiramu si petulo woti muthire m'njinga yanu. Ndi mafuta osayenga, osakanikirana opepuka ndi olemera, ena amaundana kukazizira. Mukathira, njinga ilira masiku ochepa kenako mukagula injini ina. Kuti afike pogulitsidwa ayenera kuyengedwa, a bungwe loona za miyezo la MBS awayeze, a bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA akupatseni chiphaso. Komanso chonde, ndikupempha ndi mtima wonse, musayesere kuseri kwa nyumba. Paipi ikatsekeka diramu limaphulika, ndipo ku Mchesi nyumba n'zothithikana.

Wakabaza wa ku Mchesi:
Ndamva bwana. Koma zimapweteka. Chilichonse chimene tingaganize osaukafe mumati sichingatheke.

Injiniya wa ku Kanengo:
Sindinati sichingatheke. Mafuta akudawo amagwira ntchito m'ng'anjo za m'mafakitale ndi m'maboila, kumene safuna mafuta oyera. Munthu atapangana ndi fakitale imodzi yoti izimugula, ali ndi makina omangidwa bwino kutali ndi nyumba za anthu, geni ilipo. Ndikukana zoti tilonjeze anthu petulo wa kabaza.

Mayi a ku Area 36:
Mundilole nanenso. Inu nonse mukukamba za zinyalala ngati mumazidziwa, koma ndi angati munaimapo pamulu wa pamsika wa Wakawaka m'mwezi wa Januwale? Ine ndimagulitsa tomato ndi kabichi pamenepo. Mulu umene uja ndi masamba a kabichi, tomato woola, makoko a nthochi ndi a chimanga chachiwisi, zotsalira za mango, zonse zili chonyowa, pansi pake pakutuluka madzi akuda. Mukafosholo kamodzi theka ndi dothi, chifukwa ife Amalawi tikamasesa pabwalo timakokolola ndi mchenga womwe, kuphatikizapo phulusa la m'mbaula. Zimenezo mukazitentha ndi chiyani? Ngakhale muthire palafini zingofuka utsi.

Injiniya wa ku Kanengo:
Mayi mwanena zimene mabuku a uinjiniya amanena m'masamba ambirimbiri. Zinyalala za m'mizinda yathu zambiri n'zoola ndiponso zonyowa. Za ku Ulaya zimayaka chifukwa muli mapepala, makatoni ndi mapulasitiki ambiri. Fakitale yotentha ikalandira zonyowa, moto umathera kuumitsa madzi, magetsi amatuluka ochepa. Mulu wanu wa pa Wakawaka njira yake ndi biogas, gasi wophikira wochokera ku zoola, kapena manyowa.

Aphunzitsi a ku Likuni:
A Bambo a Tadala, ine ndikuona kuti chimene mukufunacho chilipo kale m'dziko muno, kungoti sitichitchula choncho. Petulo amene achimwene a kabaza amathira m'njinga muli ethanol wopangidwa konkuno. Ku Dwangwa kuli EthCo imene inayamba mu 1982, ku Chikwawa kuli PressCane imene inayamba mu 2004. Amagwiritsa ntchito molasses, madzi akuda onata aja amene amatsala akamapanga shuga. Chimenecho ndi chinyalala cha fakitale ya shuga, ndipo dziko lino lakhala likuchisakaniza ndi petulo kwa zaka zoposa 40, mlingo wake mpaka magawo 20 pa 100 alionse. Ndipo tamverani izi: Press Corporation, imene ili ndi masheya ambiri m'makampani a ethanol awiriwa, ndi yomwenso ili ndi masheya mu TNM. Mafoni ndi mafuta ochokera ku zotsalira ali kale pakhomo limodzi.

Tsono tidzifunse, bwanji za molasses zinatheka pomwe za kumtaya sizinatheke? Molasses amachokera malo amodzi, ndi wamtundu umodzi, mulibe tewera kapena galasi, ndipo fakitale ya ethanol anaimanga kufupi ndi ya shuga. Wogula naye alipo wokakamizidwa ndi lamulo losakaniza. Ngakhale zili choncho, makampaniwa amadandaula kuti molasses sakwanira, makina amakhala osagwira ntchito miyezi ina. Ngati chinyalala chaukhondo chonchi chimaperewera, kuli bwanji cha mumzinda chimene chamwazikana m'makomo a anthu pafupifupi 990,000, malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo pano tachulukanso?

Bambo a Tadala, Area 25:
Aphunzitsi, za Press sindikutsutsa. Koma mukundipatsa mphamvu. Ngati kampani yaikulu inakwanitsa ku Dwangwa, ingakwanitsenso ku Area 38. Vuto lathu timakonda tizinthu ting'onoting'ono, kagulu apa, kabungwe apo, ndalama za opereka thandizo zikatha zonse zii. Masiyiwa sanayambe ndi kufunsa ngati anthu a ku Mbare mu Harare ali ndi ndalama zogulira foni. Anamanga netiweki, anthu anapeza okha ndalama. Ifenso timange chinthu chachikulu, zinyalala zidzapeza njira yokafikira.

Madala a ku Area 18:
Mwana wanga, mtima wako ndaukonda, koma mafoni ndi zinyalala zimayenda mosiyana. Nsanja imodzi ukaimika pa Kanengo, kasitomala wachikwi sakuonjezera mtengo uliwonse, mawu amadutsa mumlengalenga. Pa zinyalala khomo lililonse loonjezera ndi dizilo woonjezera, matayala, dalaivala ndi anyamata okweza. Dzinja likafika, lole ingalowe mkati mwa Mtandire kapena Mgona? Ndipo makina onse ndi ogula kunja. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja m'mabanki n'zosowa. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, fakitale yonse imaima kudikira madola. A mafoni nawo amalira ndi vuto lomweli, koma iwo ndalama imalowa mphindi iliyonse, usiku ndi usana.

Ndipo taona bwino zimene Masiyiwa anachita ku Harare. Sanayambe ndi fakitale ya mafuta. Kolera itavuta mu 2018, Econet inalonjeza madola 10 miliyoni othandizira, kenako chaka chotsatira anayamba kutola zinyalala, anthu n'kumalipira pafoni. Munthu amene amadziwa ndalama kuposa tonsefe anayambira pa kutola.

Make Chisomo, Chinsapo:
Ndakhala ndikungowerenga, koma poti nkhani yafika pa tizinthu ting'onoting'ono, ine ndi amene ndimapanga timeneto. Ndimaumba mabriketi, makala ochita kuumba aja. Ndikufotokozereni mmene ntchito imayendera kuti mukamanena za mafakitale muzidziwa pamene ife tili.

Ndimagula makoko a mtedza kwa osenda, zitsononkho kwa alimi a cha ku Mpingu, utuchi kwa akalipentala, ndiponso fumbi la makala limene limatsala pansi kwa ogulitsa makala. Makoko ndi zitsononkho ndimazitentha mudiramu loboola pansi. Utsi ukasintha kuchoka woyera n'kuyamba kuonekera, ndimatseka pamwamba ndi kumata dothi m'mbali kuti zipse osasanduka phulusa. Mukachedwa pang'ono mupeza phulusa lokhalokha, mukafulumira mupeza zosapsa. Zikazizira timasinja mumtondo, kusefa, kenako kusakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa kuti zigwirane. Ena amathira dothi la pachulu poti ufa wadula, koma likachuluka briketi imalemera, moto wake n'kuchepa. Tikaumba timayanika pamalata. Mwezi wa Okutobala zimauma msanga. Dzinja ndiye mavuto, pomwenso ndi nthawi imene makala amadula ndipo anthu amazifuna kwambiri.

Makasitomala anga okhazikika ndi oweta nkhuku, poti mabriketi amayaka nthawi yaitali usiku kufunditsa anapiye, ndi amayi ophika nyemba. Koma wophika tiyi wa m'mawa safuna, ati zimachedwa kuyaka ndipo phulusa limachuluka m'mbaula. Akunena zoona.

Tsono chimene ndikufuna a Bambo a Tadala amve ndi ichi. Pamene ndinkayamba, makoko a mtedza ankandipatsa ulere, ena ankachita kundithokoza kuti ndawachotsera. Lero ndimagula, ndipo timalimbirana ndi oweta nkhuku ndi ootcha njerwa. Chinyalala chikangodziwika kuti chili ndi ntchito, mwini wake amachiikira mtengo tsiku lomwelo. Amene akuwerengera kuti adzatola ulere, masamu ake alakwika asanayambe.

NaPhiri wa ku Kawale:
Make Chisomo, mwandiphunzitsa. Kodi thumba mumatumiza mpaka ku Kawale? Ndikufuna ndiyesere pa nyemba.

Make Chisomo, Chinsapo:
Timatumiza amayi, pa kabaza. Koma poyatsa muziyamba ndi timakala pang'ono pansi, mabriketi pamwamba, ndipo musamagwedeze mbaula pafupipafupi, amanyenyeka.

Mayi a ku Area 36:
Nanga biogas munatchula ija, a injiniya, imatheka bwanji pamsika ngati wathu?

Injiniya wa ku Kanengo:
Thanki ya biogas ili ngati mimba ya ng'ombe. Mumaidyetsa zoola zosakaniza ndi madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timagaya mopanda mpweya, n'kutuluka gasi woyaka amene mbali yaikulu ndi methane. Poyamba mumathira ndowe kuti tizilomboto tiyambe. Gasiyo mumaphikira, ndipo madzi otsalawo ndi manyowa abwino kwambiri, feteleza mmene wadulira muno simungasowe ogula. Muno m'Malawi zilipo. Kundende ya Mulanje anaika thanki yogwiritsa ntchito za m'zimbudzi, gasi wake n'kumathandiza kuphika. Kumsika wa Tsangano ku Ntcheu anaikanso yodyetsa zotsalira za masamba.

Chimene chimapha matanki ambiri si luso, ndi kasamalidwe. Imafuna kudya tsiku lililonse, mlingo wofanana. Mukathira zambiri nthawi imodzi imachita asidi n'kusiya kutulutsa gasi. Mukalowetsa mchenga ndi majumbo imadzadza pansi, muyenera kuitsegula n'kuchotsa ndi manja. Mwezi wa Juni kukazizira gasi amachepa. Ndiye pamafunika munthu wolembedwa ntchito, wolandira malipiro, osati komiti yongodzipereka. Pa Wakawaka ogula gasi ali pomwepo: ophika chipisi, a malesitilanti, ootcha nyama. Paipi yaifupi basi, palibe lole.

Aphunzitsi a ku Likuni:
Pa za majumbo pali china chimene tisaiwale. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani anakatenga ziletso kukhoti, Supreme Court inagamula mokomera chiletsocho mu 2019, ndipo milandu inapitirirabe pambuyo pake. Ine ndili kumbali yoti majumbo atheretu. Tsono munthu akamanga fakitale yodya majumbo, mawa lake adzakhala woyamba kupempha kuti majumbo asathe. Ku Ulaya mizinda ina inamanga ng'anjo zazikulu mpaka kumaitanitsa zinyalala kuchokera kumaiko ena kuti moto usazime, Sweden ndi imodzi. Tisadzipangire chinthu chimene chidzafune kuti tizitaya zambiri.

Mayi a ku Area 36:
Komanso kumtaya kuja kuli anthu. Amayi ndi ana amene amatola mabotolo, zitsulo, makatoni ndi zakudya za nkhumba, lole ikangofika amaithamangira. Moyo wake ndi womvetsa chisoni, alibe magolovesi kapena majombo, utsi uli m'maso tsiku lonse. Koma ndi pamene amadyera. Ndiponso ndi okhawo mumzinda muno amene amadziwa kusiyanitsa pulasitiki ndi pulasitiki inzake pongoigwira. Wobwera ndi fakitale akangomanga mpanda n'kuika alonda, anthu amenewa apita kuti? Ine ndingakonde kuti aliyense wobwera ndi mapulani ayambe wakhala nawo pansi, awalembe ntchito yosankha, pakhale shedi ndi madzi osamba m'manja.

Bambo a Tadala, Area 25:
Mayi, pa anthu a kumtaya ndagwirizana nanu kwathunthu. Koma ndikuonabe kuti tikuchepetsa maloto. Mabriketi a Make Chisomo ndi abwino, koma sangapulumutse Dzalanyama, matumba a makala amene amalowa mumzinda uno pa njinga m'bandakucha ndi ankhaninkhani. Ndipo Dzalanyama ikatha, mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu atha, tonse timwa chiyani? Vuto lalikulu limafuna ndalama zazikulu.

NaPhiri wa ku Kawale:
Achimwene, ndalama zazikulu sindikuzikana. Koma taganizani mmene makampani a mafoni anakulira. Nsanja zinali zawo, inde, koma amene anafikitsa mayunitsi m'mudzi uliwonse ndi ife, timaambulera ndi timabenchi m'mbali mwa msewu, aliyense kudya kakomishoni kake. Airtel Money itabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013 anadutsanso mwa ife. Kampani yaikulu pamwamba, tizikwi ta anthu ang'onoang'ono pansi, ndipo aliyense amadziwa kuti akagwira ntchito lero ndalama yake ilowa lero. Chimenecho ndi chimene munthu wa mafoni angabweretse ku zinyalala, osati makina. Mnyamata wa wilibala kapena wa kabaza akhale ajenti wa zinyalala. Khomo lilipire pafoni thumba lisananyamulidwe, kandalama kofanana ndi kabandulo kakang'ono, osati bilu ya pamwezi. Amene wasankha zinyalala zake, zoola pazokha, mapulasitiki paokha, alipire zochepa. Mnyamatayo akafikitsa pamalo osonkhanitsira, ayeze pasikelo, komishoni ilowe mufoni nthawi yomweyo.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Tinagwirizanapo ndi kakampani kena kotola zinyalala, tinalipira mwezi wathunthu, anabwera masabata oyamba kenako osaonekanso, matumba anaunjikana pageti mpaka agalu anawang'amba. Kuyambira pamenepo alendi anga safuna kumva za pamwezi. Koma za pathumba, wanyamula ndalipira, angavomere.

Madala a ku Area 18:
NaPhiri wanena zimene ine ndinalephera kuzifotokoza bwino. Fakitale idzabwera ikadzaona kuti pali malo amene tsiku lililonse pamafika matani odziwika a zinthu zosankhidwa kale. Nthawi imeneyo a banki adzamvera. Panopa ukapita kubanki n'kunena kuti ndikufuna kupanga dizilo kuchokera kumtaya, adzakufunsa kuti zinyalala zako ndi matani angati, muli madzi ochuluka bwanji, udzayankha chiyani?

Aphunzitsi a ku Likuni:
Ndipo phindu loyamba la kutola si mafuta, ndi moyo. Tisaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Ngalande zotsekeka ndi zinyalala zimasefukira m'zitsime za anthu. Ngakhale pasatuluke lita imodzi ya dizilo, kutola kokhako kwabweza kale ndalama.

Wakabaza wa ku Mchesi:
Amayi a ku Kawale, za ajenti wa zinyalala zandigwira mtima. Masana kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko makasitomala amachepa, timangokhala pasiteji. Kungoti panjinga yamoto thumba lonyowa silikwereka bwino, ndipo kasitomala akamva fungo pampando sakweranso. Pangafunike kangolo kokoka kumbuyo. Alipo owotcherera ku Biwi amene angapange.

Bambo a Tadala, Area 25:
Chabwino, tiyeni tiyese njira yanuyo, ngakhale ine maso anga akadali pa fakitale. A injiniya, kuti tidziwe zoona zake za zinyalala zathu, tingayambe bwanji popanda ndalama za azungu?

Injiniya wa ku Kanengo:
Sikelo yokoleka ija ya ogula mbewu, matumba awiri pakhomo lililonse, ndi kope. Thumba lina la zoola zokhazokha, lina la zouma. Mchenga ndi phulusa zisalowe, zimenezo akwirire pabwalo. Muyeze tsiku lililonse, mulembe, ndipo muchite nyengo ziwiri, yamvula ndi yadzuwa, chifukwa nthawi ya mango ndi chimanga chachiwisi kulemera kumasintha kwambiri. Makomo a NaPhiri angakhale poyambira, ena a ku Area 25 kwa inu, kuti tione kusiyana kwa madera. Ine ndidzabwera kudzasankha zoumazo kuti tidziwe pulasitiki yotulutsa mafuta ndi yochuluka bwanji.

NaPhiri wa ku Kawale:
Alendi ndikamba nawo Loweruka madzulo, onse amakhala alipo. Matumba a feteleza akale ndili nawo. Koma zoolazo tikayeza tizipititsa kuti? Sindingazisunge pakhomo, ntchentche zingatithamangitse.

Mayi a ku Area 36:
Alipo abambo ena oweta nkhumba amene amadzatenga masamba a kabichi kwa ife m'mawa uliwonse, ndiwafunsa ngati angafike ku Kawale. Zotsalazo pali amayi opanga manyowa cha kuno, amalandira bola musakhale magalasi ndi mabatire.

Make Chisomo, Chinsapo:
Zitsononkho, makoko a mtedza ndi fumbi la makala musapereke kwa a nkhumba, ikani padera ndidzagula ine. Zikhale zouma, zikanyowa sinditenga. Achimwene a kabaza, mundiuze mtengo wochokera ku Kawale kufika ku Chinsapo ndi matumba awiri, tione ngati masamu akutuluka.